Maso a mchenga sachira ndi tetracycline: tiyang'ane tiziwalo ta mafuta a m'zikope

Akonzi,

Tiloleni tilankhulepo pa vuto lomwe limadzaza mabenchi a zipatala za maso nyengo ya fumbi ndi dzuwa, koma silitchulidwa dzina lake lenileni. Munthu amafika akudandaula kuti m'maso mukumveka ngati muli mchenga, mukuwotcha, misozi ikungoyenderera akayenda pamphepo, ndipo akawerenga pang'ono zilembo zimachita chimbuuzi mpaka ataphethira. Kawirikawiri amapatsidwa chubu cha tetracycline kapena botolo la chloramphenicol n'kubwerera kwawo. Pakatha milungu itatu wabweranso. Ambiri mwa anthu otere alibe kachilombo m'maso. Chomwe chawavuta ndi mafuta a m'zikope, vuto lomwe madokotala amati meibomian gland dysfunction, ndipo kuti timvetse chifukwa chake vutoli silifuna kuzengereza, tiyenera kuyambira pomwe tiziwalo topanga mafutawo timamangidwa, mwana adakali m'mimba.

Imani pagalasi pamalo owala, mukoke chikope cham'munsi ndi chala. Kumbuyo kwa tsitsi la m'mphepete mwa chikope muona timadontho tandanda mzere umodzi, ndipo mkati mwa chikope muona timizere tachikasu totsika kuchokera pa timadonthoto. Kamzere kalikonse ndi kachiwalo kamodzi. Chikope cham'mwamba chili ndi tiziwalo 30 mpaka 40, totalika pafupifupi mamilimita 5 ndi theka pakati pa chikope. Cham'munsi chili ndi 20 mpaka 30, totalika mamilimita 2 okha. Timatchedwa tiziwalo ta Meibom, potengera dzina la Heinrich Meibom, dokotala wa ku Helmstedt ku Germany, yemwe adatifotokoza bwino mu 1666. Kalikonse kali ndi mpita umodzi pakati, ndipo m'mbali mwa mpitawo mwamatirira timatumba 10 mpaka 15, monga nkhuyu zimamatirira pa nthambi ya mkuyu.

Kapangidwe ka mafuta ake n'kachilendo. Selo silifinya mafuta n'kutsala lamoyo. Limabadwira kukhoma kwa kathumba, n'kumasendera pakati likudzaza mafuta, ndipo likakhuta limaphulika, lonselo n'kusanduka mafuta. Mwa makoswe ulendo umenewu umatenga masiku pafupifupi 9. Choncho kachiwaloka kamadya maselo ake tsiku ndi tsiku, ndipo kakaleka kubala atsopano kamafota. Musaiwale mfundo imeneyi, tibwereranso kwa iyo. Tikaphethira, minofu ya chikope imafinya mafutawo, amayala pamwamba pa misozi kuonda kwake osafika gawo limodzi mwa magawo 10,000 a milimita, n'kukhala chivundikiro. Chivundikirocho chikasowa, madzi a misozi amauma msanga, ndipo monga ndiwo zikaphwera pamoto mchere umakula, misozi yotsalayo imawawa. Mitsempha ya diso imakwiya n'kuitanitsa madzi ambiri nthawi imodzi. N'chifukwa chake diso louma limalira.

Tsono tiziwaloti timachokera kuti? Mwa munthu, zikope zimaphuka ngati timakwinya ta khungu cha m'ma sabata 7 a pakati, zimakula n'kukumana, ndipo pofika sabata la 10 zamatana. Zimakhala chimatire mpaka cha m'mwezi wa 6 kapena wa 7, ndipo tiziwalo ta mafuta timamangidwa nthawi imeneyi, kuyambira mwezi wa 3 mpaka wa 7. Mwa mbewa ntchito yomweyo imachitika mochedwerapo koma mofulumira, n'chifukwa chake ofufuza amaionera kumeneko. Gulu la James Jester ku University of California, Irvine, lidalongosola mu 2010 ndondomeko yake: tsiku la 18 ndi theka la bere, maselo a pamwamba pa mphepete ya chikope amaunjikana timagulu tokhuthala, mbewa ikabadwa timaguluto timaboola kulowa m'mnofu wa pansi ngati muzu, tsiku la 3 pakati pa muzuwo payamba kutseguka mpita ndipo mafuta oyamba aoneka, cha pa tsiku la 5 nthambi zaphuka, pofika tsiku la 15, maso atatseguka, kachiwalo kakhwima.

Palibe mmisiri woima pambali kulamula zonsezi. Maselo amatumizirana okha mauthenga. Selo lina limatulutsa puloteni yomwe ndi mthenga, mthengayo amakagogoda pa puloteni ina yomwe ili pakhoma la selo loyandikana nalo, ndipo uthengawo umapatsiranapatsirana mkati mpaka kukafika pomwe pali majini, n'kutsegula ena, kutseka ena. Maselo a pamwamba amalankhula ndi a mnofu wa pansi, a pansiwo n'kuyankha. Mbali imodzi ikakhala chete, ntchito imaima.

Choyamba n'chakuti zikope zimatane. Kuti maselo a m'mphepete asendere kukakumana pakati pamafunika amithenga a banja la EGF, monga TGF-alpha ndi HB-EGF, ogogoda pa puloteni ya pakhoma la selo yotchedwa EGFR, komanso mzere wa mapuloteni opatsirana uthenga mkati mwa selo, omwe ndi MAP3K1, JNK ndi c-Jun. Mbewa zomwe mzere umenewu udaduka zimabadwa maso ali chitsegukire, ndipo tiziwalo tawo ta mafuta timakhala tokwinimbira. Mthenga yemweyo akachulukitsa amawononganso: TGF-alpha wochuluka m'mnofu wa chikope amasokoneza chigawo cholimba cha chikope momwe tiziwaloti timakhala, ndipo timatuluka topindikapindika. Nkhani ya mauthengawa ndi ya mlingo, ngati mchere wa m'ndiwo.

Mthenga yemwe mbiri yake ikudziwika bwino koposa ndi ectodysplasin, mwachidule EDA. Puloteni imeneyi imayamba ili yomangika kukhoma la selo. Enzayimu (puloteni yodula kapena kumanga zinthu m'thupi) yotchedwa furin imaidula kuti imasuke. Ikamasuka imakagwira EDAR, puloteni yolandira uthenga wake, pa maselo a pamwamba. EDAR amaitana puloteni ya mkati mwa selo yotchedwa EDARADD, ndipo mapeto ake puloteni ina, NF-kappaB, yomwe idali yomangidwa kunja kwa chipinda cha majini, imamasulidwa n'kulowa kukatsegula majini. Mbewa za mtundu wa Tabby, zomwe jini yawo ya EDA ndi yowonongeka, zilibiretu tiziwalo ta Meibom, ndipo maso awo amayamba zilonda zikamakula. Mwa anthu jini imeneyi idapezeka mu 1996, ndipo ili pa kromozomu X. Choncho mayi amatha kuinyamula iye osaonetsa zambiri, koma mwana wamwamuna akailandira amabadwa ndi matenda otchedwa hypohidrotic ectodermal dysplasia: satuluka thukuta, tsitsi lake ndi lapatalipatali, mano ndi ochepa ndiponso osongoka ngati zikhomo, ndipo m'zikope muli tiziwalo towerengeka kapena mulibiretu. Ziwalo zonsezi zimayamba mofanana, ndi kagulu kokhuthala ka maselo, ndiye mthenga mmodzi akasowa zonse zimavulala pamodzi.

Zomwe zidachitika poyesa kuchiza matendawa ndi zomwe tikufuna owerenga azigwiritsitse. Mu 2003 ofufuza a ku Lausanne ku Switzerland adapanga EDA ya m'labotale, yolumikizidwa ndi chidutswa cha antibody (puloteni yoteteza thupi ku matenda) chotchedwa Fc, n'kubaya mbewa za Tabby zabere. Ana adabadwa olongosoka ndipo adakhala choncho moyo wawo wonse. Atayesa mankhwalawo pa makanda a anthu obadwa kale, sadathandize. Kenako madokotala a ku Erlangen ku Germany, motsogozedwa ndi Holm Schneider, adabaya mankhwalawo m'madzi omwe mwana amasambiramo m'chiberekero: mapasa pa sabata la 26 ndi la 31, mwana wina pa sabata la 26 lokha. Mwana amameza madziwo, ndipo chidutswa cha Fc chija chimadutsa nawo mankhwala m'matumbo kulowa m'magazi. Zotsatira zidasindikizidwa mu 2018: ana atatuwo ankatuluka thukuta, ndipo mapasawo adali ndi tiziwalo ta m'zikope tochulukirapo kuposa mkulu wawo wa matenda omwewo yemwe sadalandire. Mankhwala ndi omwewo, chidasiyana ndi nthawi. Mmera mpoyamba: maselo amamva uthenga wa EDA panyengo yake yokha, nyengoyo ikapita khomo latsekeka.

EDA sayenda yekha. Amagwirana manja ndi Wnt, mthenga yemwe amachititsa kuti puloteni ya beta-catenin ichuluke m'selo n'kuliuza kuti ligawikane ndi kuboola pansi. Chodabwitsa n'chakuti EDA yemweyo amatsegulanso jini ya Dkk4, yomwe ntchito yake ndi kuziziritsa Wnt. Kukankha ndi kuletsa kumachokera pamalo amodzi, ndipo n'komwe kumasunga kukula kwa kachiwalo pamlingo wake. Mbewa zomwe zidachulukitsidwa Dkk4 pakhungu zidatuluka ndi tiziwalo tofupika kwambiri. Pomwe muzu ukutsika n'kuchita nthambi, mnofu wa pansi umatumiza FGF10 kukagogoda pa FGFR2 ya maselo a pamwamba, ndipo jini ya Barx2 ikasowa nthambizo zimalephereka. Notch, yemwe amadutsa pokhapokha maselo awiri akagundana khoma ndi khoma, amathandiza kusankha kuti selo likhale la mpita kapena la mafuta. Mbewa zochotsedwa Notch1 pakhungu tiziwalo tawo timasanduka timatumba topanda mafuta abwino.

Funso lina lomwe kagulu ka maselo kamayenera kuyankha ndi lakuti: ndikhale kachiwalo ka mafuta kapena ndikhale tsitsi? Zonsezi ndi zapachibale, ndipo woweruza wamkulu ndi BMP. Mbewa zomwe zidachulukitsidwa Noggin, puloteni yotsekereza BMP, komanso zomwe zidachotsedwa Smad4, wonyamula uthenga wa BMP mkati mwa selo, zidamera mzere wachiwiri wa tsitsi pamalo pomwe padayenera kukhala tiziwalo. Mwa anthu chimodzimodzi chimachitika jini ya FOXC2 ikawonongeka. Munthu amabadwa ndi tsitsi lotuluka m'timabowo ta mafuta, lomwe limakanda diso, ndipo akatha msinkhu miyendo imayamba kutupa chifukwa timitsempha ta madzi a m'thupi sitidapangike bwino. Madokotala amati lymphedema-distichiasis. Kuno kwathu munthu wotere n'kosavuta kumuika m'gulu la odwala trachoma (matenda a kachilombo osiya zipsera m'chikope), kutupa kwa miyendoko n'kukunamizira matenda ofalitsidwa ndi udzudzu. Kusiyanitsa kwake n'kwa maso okha: pa trachoma tsitsi la mzere wake weniweni ndi lomwe lapindikira mkati chifukwa chikope chakokedwa ndi zipsera, ndipo mukachitembenuza zipserazo zimaoneka zoyera, pa distichiasis chikope chili m'malo mwake, koma kumbuyo kwa mzere woyamba kuli wina wa tsitsi lopyapyala. Opaleshoni yotembenuza chikope siithandiza wachiwiriyu. Kuzula tsitsilo kumapumitsa milungu 4 mpaka 6 basi. Kupha mizu yake ndi magetsi kapena kuzizira kumakhalitsa, koma kuzizirako kumapha maselo opatsa khungu mtundu wake, n'kusiya banga loyera pa chikope chakuda, ndipo wodwala ayenera kuuzidwa zimenezi asanavomere.

Nyumba ikatha pamafunika moto wophikira, ndipo woyatsa motowo ndi PPAR-gamma, puloteni yotsegula majini opangira mafuta. Mwa mbewa amayamba kuoneka tsiku la 3 lija, nthawi imodzi ndi mafuta oyamba. Pansi pake pamagwira ntchito maenzayimu: a banja la ELOVL amatalikitsa unyolo wa mafuta, AWAT2 amapanga mafuta onga phula, SOAT1 amamangirira kolesterol. Msanganizo wolondola umasungunuka pakati pa madigiri 20 ndi 32, kotero pa kutentha kwa chikope umayenda ngati mafuta ophikira. Mbewa zopanda AWAT2 mafuta awo amalimba n'kutseka mipita, maso n'kuuma.

Tsopano tibwerere ku mfundo ija yakuti kachiwaloka kamadya maselo ake. Popeza kamafunika kubala tsiku lililonse, mauthenga omwe adakamanga sapuma munthu akabadwa. Gulu la Lixing Reneker ku University of Missouri lidaonetsa mu 2017 kuti kuzimitsa FGFR2 mwa mbewa zazikulu kumafotetsa timatumba ta mafuta m'milungu iwiri yokha. Mu 2025 gulu la Sarah Millar ku Mount Sinai ku New York lidalongosola maselo a mbewu omwe amakhala m'mipita ndi m'timatumba, n'kuonetsa kuti uthenga wa Hedgehog ndi wa EGFR umachepa ukalamba ukamadza, ndipo kubala kwa maselo kumachepa nawo. PPAR-gamma nayenso amatsika ndi zaka. Mahomoni achimuna, omwe akazi alinso nawo pang'ono, amalimbikitsa kupanga mafuta ndi kuletsa mpita kukhakhala. Abambo omwe akumwa mankhwala otsekereza mahomoniwa chifukwa cha khansa ya prostate amauma maso pachifukwa chimenechi.

Apa m'pomwe sayansi ya m'labotale imakumana ndi shelefu ya mankhwala. Isotretinoin, yemwe amaperekedwa pa ziphuphu zakumaso zovuta, amaletsa maselo a mafuta kugawikana, ndipo sasiyanitsa a pamphuno ndi a m'chikope. Mankhwala a khansa otseka FGFR, monga erdafitinib, kapena otseka EGFR, amabweretsa kuuma kwa maso ndi mavuto a zikope, zomwe sizidabwitsa tikaona za mbewa zija. Ku Japan mu 1968 ndi ku Taiwan mu 1979, anthu omwe adadya mafuta a gaga wa mpunga osakanikirana ndi poizoni wa PCB adatupa tiziwaloti n'kumatulutsa zoyera zolimba. Chidali chimodzi mwa zizindikiro zodziwikira matendawo. Chapafupi ndi ife ndi matenda a Stevens-Johnson, omwe amatha kudza munthu akadana ndi nevirapine, cotrimoxazole kapena mankhwala ena a khunyu: khungu ndi m'kamwa zimasupuka, ndipo m'mphepete mwa zikope mukapola ndi zipsera timabowo ta mafuta timatsekeka, tina n'kuyamba kumera tsitsi. Wodwala wotere afunika woona za maso m'masiku oyambirira ali kuwodi, osati atatuluka. Trachoma nayo, ngakhale bungwe la WHO lidatsimikiza mu 2022 kuti Malawi yaigonjetsa ngati vuto la anthu ambiri, idasiya agogo ambiri ndi zipsera m'chigawo chenichenicho momwe tiziwaloti tili. Opaleshoni ikawongola chikope, kuuma kumatsala, ndipo afunika kupitiriza kusamalidwa.

Mwa anthu ambiri, komabe, njira yowonongekera ndi yapang'onopang'ono. Maselo a kukamwa kwa mpita amakhakhala ngati chikhatho cha mlimi, zofundula zake zimasakanikirana ndi mafuta olimba, kabowo n'kutsekeka. Kumbuyo timatumba tikupangabe mafuta, mpita umafufuma, kupanikizika kumafinya timatumbato mpaka tifote. Mafuta akatulukira m'mnofu, thupi limawazinga n'kupanga kachotupa kolimba kosapweteka ka m'chikope. Mafuta a kachiwalo kodwala amafuna madigiri 35 kapena kuposa kuti asungunuke. Foni ndi kompyuta zimaonjezera moto: munthu amaphethira ka 15 mpaka 20 pa mphindi, koma akayang'anitsitsa sikirini chiwerengerocho chimatsika kufika pa theka kapena kucheperapo, ndipo kuphethira kwambiri kumakhala kosafika pansi, kosafinya kanthu. Utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera ndi mphepo ya mwera zimamaliza ntchito. Kachiwalo kotsekeka kamatha kutseguka. Kachiwalo komwe kafota mpaka kuzimirira, mankhwala omwe tili nawo lero sakadzutsa.

Chithandizo chake choyamba sichifuna ndalama, chimafuna khama. Sambani m'manja. Viikani kansalu koyera m'madzi ofunda, pafupifupi madigiri 40 mpaka 45, omwe mkati mwa mkono mungathe kupirira osadzidzimuka. Tsinzinani, ikani pazikope kwa mphindi 5 mpaka 10. Apa m'pomwe ambiri amalakwitsa: kansalu kamazizira pasanathe mphindi ziwiri, ndiye muzikaviikanso, apo ayi mafuta sasungunuka. Mukangochotsa, sisitani ndi chala cholunjika ku mphepete, chikope cham'mwamba kuchokera kumwamba kutsika, cham'munsi kuchokera pansi kukwera, osadinikiza diso lenilenilo. Malizani ndi kupukuta mphepete ndi kansalu kena konyowa. Chitani kawiri patsiku kwa milungu 4 mpaka 6 musanaweruze, kenako kamodzi patsiku osaleka. Pa kompyuta, mphindi 20 zilizonse tsinzinani kwathunthu kangapo. Amayi opaka zakuda m'maso asapake pa mzere wa timabowo, ndipo azichotsa zonse pogona.

Zikakanika, dokotala angapereke doxycycline wa mamiligalamu 50 mpaka 100 patsiku kwa milungu ingapo, kapena azithromycin wa masiku owerengeka. Pano mankhwalawa sakusaka kachilombo kwenikweni. Akuziziritsa kutupa ndi kuletsa maenzayimu omwe amaswa mafuta n'kuwasandutsa owawa. Doxycycline si wa mayi woyembekezera, woyamwitsa, kapena mwana wosafika zaka 8. Chomwe tikupempha ndi mtima wonse n'chakuti anthu aleke kugula okha madontho okhala ndi dexamethasone kapena prednisolone. Amayeretsa diso tsiku lomwelo, inde, koma akagwiritsidwa ntchito miyezi amakweza mphamvu ya madzi a m'diso mpaka kupha mtsempha woonera, amabweretsa ng'ala, ndipo chilonda cha fangasi chimakula mobisika. Madzi a zitsamba, mkaka wa m'mawere ndi mkodzo zisayandikire diso.

Kwa anzathu a m'zipatala zazing'ono ndi aphunzitsi awo m'makoleji a zaumoyo, pempho lathu ndi la mphindi ziwiri pa wodwala aliyense wodandaula mchenga m'maso. Walitsani tochi pa mphepete ya chikope cham'munsi. Onani ngati timabowo tili totseguka, tili ndi tizipewa tachikasu, kapena tasendera kumbuyo. Onani thovu pa ngodya ya diso ndi timitsempha tofiira todutsa mphepete. Dinikizani chikope ndi chala pansi pa tsitsi kwa masekondi 10, muyang'ane tiziwalo 8 ta pakati, mulembe m'buku chomwe chatuluka: 0 ngati ndi mafuta oyera oonekera, 1 ngati ndi a mbuu, 2 ngati ali ndi timibulu, 3 ngati akutuluka ngati mankhwala otsukira mano. Ngati muli ndi kapepala ka utoto wa fluorescein, kakhudzitseni diso, kenako werengani masekondi kuchokera pa kuphethira mpaka banga lakuda loyamba lioneke. Kuchepera 10 ndiye kuti misozi sikukhazikika. Tembenuzani chikope pa nsonga ya tochi m'chipinda cha mdima, tiziwalo tioneka ngati timizere takuda, ndipo pomwe pali mpata ndi pomwe tatha. Funsani za isotretinoin, madontho a glaucoma ndi mankhwala a mahomoni.

Atatu awa atumizeni ku chipatala chachikulu cha maso ku Blantyre, Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu osadikira: mwana wamwamuna wotentha thupi kawirikawiri popanda malungo, wosatuluka thukuta, yemwe mano akuchedwa kumera, aliyense yemwe tsitsi likukhudza diso, ndi munthu wachikulire yemwe kachotupa ka m'chikope kabwereranso pamalo omwewo atakachotsa, makamaka ngati tsitsi la pamenepo lathothoka. Wachitatuyu kachidutswa ka mnofu kapite ku labotale, chifukwa khansa ya tiziwalo ta mafuta imayamba ndi maonekedwe amenewo.

Ife owerenga anu,
Ogwira ntchito ndi ophunzitsa za maso